Kodi foni yanu ili ndi nzeru?



Mwezi wathawu, titatuluka mu msonkhano, mkulu wina wa mpingo anandikokera pambali n'kundionetsa foni yao. Mdzukulu wao anali atawaikira pulogalamu ija imene munthu amailembera funso ndipo imayankha ngati mnzake. Akuluwo anali kukonzekera phunziro la Baibulo la Lacitatu, conco anaifunsa mavesi okamba za ngongole. Posakhalitsa inawapatsa mavesi asanu, lililonse ndi kufotokoza kwake. Anai anali olondola. Lacisanu linali ndi dzina la buku, caputala ndi nambala ya vesi, koma atatsegula Baibulo anapeza kuti pamalopo pali nkhani ina kotheratu. "A mlembi," anandifunsa, "kodi cinthu ici n'canzeru kapena n'cabodza? Ngati n'canzeru, cinama bwanji osacita manyazi?"

Funso la akuluwa lafika m'nyumba zambiri. Pulogalamu yochedwa ChatGPT inatulutsidwa pa 30 Novembala 2022, ndipo mu Epulo 2024 kampani ya Meta inaika pulogalamu yake yoyankha mafunso mkati mwa WhatsApp m'maiko angapo, kuphatikizapo Zambia. Lero mapulogalamu otere alipo ambiri. Ana athu a sukulu akuwafunsa masamu, amai akuwafunsa za mankhwala a mwana, ndipo alaliki ena akuwapempha mitu ya ulaliki. Pa Cingerezi zonsezi zimachedwa artificial intelligence, kapena AI mwacidule, kutanthauza nzeru zocita kupanga. Dzina limeneli ndilo likutisokoneza, pakuti tikamva kuti cinthu cili ndi nzeru timayamba kucidalira monga timadalira munthu wanzeru. Motero tisanaweruze makina, tiyeni tiyambe tadzifunsa kuti ife eni tikati "nzeru" timatanthauza ciani.

Zimene akulu a ku Katete anayankha

M'zaka za m'ma 1970, Robert Serpell, katswiri wa maphunziro a maganizo a munthu pa University of Zambia, amene pambuyo pake anadzakhala mkulu wa yunivesiteyo, anapita kumidzi ya Acewa m'dera la Katete. Iye anakhala pansi ndi akulu a m'mudzi amene anali kuwadziwa bwino ana a pamalopo. Anali kuwachulira nchito inayake yofunika, n'kuwafunsa kuti pa ana onsewo angatume uti, ndiponso cifukwa cake. Zimene anapeza anazilemba m'buku limene linatuluka mu 1993.

Mayankho a akuluwo anaonetsa kuti kwa Acewa nzeru ili ndi mbali ziwiri. Mbali yoyamba ndi kucenjera, ndiko kugwira zinthu msanga, kupeza njira pamene ena asowa pogwira. Mbali yaciwiri ndi kutumikira, ndipo mkati mwake muli kumvera ndi kukhulupirika. Kumvera kumeneku ndi kuchera khutu, kumvetsa cimene wokutumayo akufuna, ndi kucicita. Mwana wocenjera koma wosatumika sanali kumuwerengera kuti ali ndi nzeru zenizeni.

Aliyense amene analerapo mwana akudziwa zimenezi. Mumatuma mwana ku cigayo ndi thumba la cimanga ndi ndalama. Akafika apeza magetsi azima. Mwana wina amasiya thumba pakhomo la cigayo n'kupita kukasewera mpira, madzulo n'kubwera ndi nkhani yokoma yofotokoza cifukwa cake kulibe ufa. Wina amakumbukira kuti kunyumba kulibe cophika, amafunsa kumene kuli cigayo ca dizilo, amagayitsa, ndipo amabweza cenji yonse. Onse awiri mutu wao ukugwira nchito. Koma amene agogo ake adzamuchula kuti "mwana uyu ali ndi nzeru" ndi waciwiriyo. N'cimodzimodzi ndi Kalulu wa m'nthano zathu: palibe nyama yomuposa kucenjera, koma palibenso mfumu imene ingamusungitse nkhokwe.

Kodi nzeru zimayezedwa?

Ku Ulaya anthu anatenga njira ina, yofuna kuika nzeru pa sikelo. Mu 1905, ku Paris, Alfred Binet ndi Théodore Simon anakonza mayeso othandiza kuzindikira ana a sukulu amene anali kufunikira thandizo lapadera. Colinga cao cinali cabwino, ndipo Binet mwini wake anacenjeza kuti nzeru za mwana zisatengedwe ngati cinthu cokhazikika cimene sicingakule. Koma m'kupita kwa zaka mayeso otere anabala nambala imene imachedwa IQ, ndipo anthu ambiri anayamba kuiona ngati muyezo wa munthu yense.

Serpell yemwe uja anaonetsa pamene mayeso otere amaterereka. M'kafukufuku amene anafalitsa mu 1979, anapatsa ana a ku Lusaka ndi ana a ku England nchito yofanana, yotsanzira zithunzi ndi maonekedwe a zinthu. Pamene anawapatsa pensulo ndi pepala, ana a ku England anapambana. Pamene anawapatsa waya kuti apinde, ana a ku Zambia anapambana, cifukwa manja ao anazolowera kupanga mamotoka a waya. Pamene anawapatsa dongo, magulu onse awiri anafanana. Mayeso, tsono, amaonetsa kwambiri cimene munthu anazolowera kucita. Tisunge mfundo imeneyi, cifukwa tikamamva kuti kompyuta yakhoza mayeso a maloya kapena a madokotala, cimene catsimikizika n'cakuti ikudziwa kuyankha mafunso a mtundu umenewo. Kuimirira wamasiye m'khoti, kapena kukhala pambali pa wodwala usiku, ndi nkhani ina.

Mmene makina anayambira kuchedwa anzeru

Mu 1950 katswiri wa masamu wa ku Britain, Alan Turing, analemba nkhani yofunsa ngati makina angathe kuganiza. Ataona kuti mau akuti "kuganiza" ndi ovuta kuwamasulira, anasintha funsolo n'kupereka masewero. Munthu azilemberana ndi awiri obisika, wina munthu, wina makina. Ngati wofunsayo alephera kusiyanitsa, ndiye kuti makinawo apambana masewerowo. Onani kuti muyezo umenewu umayang'ana zooneka kunja, ndiko kuti makina akuyankha ngati munthu. Sulowa mkati kukaona cimene cikucitika.

Dzina lakuti artificial intelligence linaperekedwa ndi John McCarthy, ndipo linadziwika kudzera mu msonkhano wa akatswiri umene unacitikira pa Dartmouth College ku America mu 1956. Kucokera pamenepo makina akhala akulanda, imodzi ndi imodzi, nchito zimene anthu anali kuziona ngati cizindikiro ca mutu wakuthwa. Mu Meyi 1997, ku New York, kompyuta ya IBM yochedwa Deep Blue inagonjetsa Garry Kasparov, amene panthawiyo anali katswiri woposa onse pa dziko pa masewero a chess. Inali kutha kuunika kaimidwe ka masewero pafupifupi 200 miliyoni pa sekondi imodzi. Mu Marichi 2016, ku Seoul, pulogalamu ya AlphaGo inagonjetsa Lee Sedol masewero 4 pa 5 a Go, masewero akale a ku Asia amene ambiri anali kuganiza kuti makina sadzawatha msanga.

Masewero amenewa ali ngati nsolo: malamulo ake ndi odziwika, bwalo lake lili ndi malire, ndipo wopambana amadziwika pamapeto. M'bwalo lotere makina ndi oopsa. Koma Deep Blue sinadziwe kuti yapambana, sinakondwere, ndipo ikanakhala m'nyumba imene yagwira moto ikanapitiriza kuwerengera za chess. Katswiri wina wa maroboti, Hans Moravec, analemba mu 1988 za cinthu codabwitsa: zimene ife timaziona zovuta, monga masamu ndi masewero a mutu, n'zosavuta kuphunzitsa makina, pamene zimene mwana wamng'ono amacita osaganizira n'komwe, monga kuyenda pa njira ya miyala ndi kuzindikira cinthu pocigwira, n'zimene zimawavuta. Mtsikana wa zaka 8 amene amasenza ndowa ya madzi kucokera ku mjigo osataya dontho, kapena amai amene amapeta cimanga pa licero uku akuceza, akucita cinthu cimene akatswiri a maroboti akulimbana naco mpaka lero.

Cimene cimacitika mukalemba funso

Mapulogalamu amene ali m'mafoni mwathu ndi osiyana ndi Deep Blue, cifukwa bwalo lao ndi mau. Kuti timvetse kagwiridwe kao ka nchito, tiyeni tiyese cinthu cimodzi. Ndikanena kuti "Mutu umodzi," pakamwa panu pafika kale mau akuti "susenza denga." Simunakhale pansi kuganiza. Makutu anu anamva mau amenewa akutsatana kambirimbiri, ndipo akudziwa cobwera pambuyo pake.

Pulogalamu yoyankha mafunso imaphunzitsidwa mwa njira yofanana ndi imeneyo, koma pa mlingo waukulu koposa. Amaipatsa zolembedwa zoculuka kwambiri, za m'mabuku, m'manyuzipepala ndi pa intaneti, zimene munthu mmodzi sangamalize kuwerenga ngakhale atakhala ndi moyo zaka masauzande. Nchito yake pophunzira ndi imodzi: kulosera mau otsatira. Ikaphonya, manambala a mkati mwake amasinthidwa pang'ono, ndipo imayesanso. Izi zimabwerezedwa mpaka itagwira mmene mau amayendera m'kalata, m'nkhani ya zamankhwala, m'pemphero, kapena m'masamu. Pambuyo pake anthu olembedwa nchito amaunika mayankho ake ndi kusonyeza abwino ndi oipa, kuti izolowere kuyankha mwaulemu ndi mothandiza. Mukailembera funso, imapanga yankho pang'onopang'ono, posankha mau oyenera kutsatira amene yalemba kale.

Tisaipeputse njira imeneyi. Kuti cinthu cilosere bwino mau otsatira m'nkhani ya zamalamulo kapena m'funso la masamu, ciyenera kugwira zambiri za mmene nkhanizo zimalumikizirana, ndipo n'cifukwa cake mapulogalamuwa amatha kufotokoza, kumasulira, ndi kuthetsa mafunso amene sanakumanepo nao. Akatswiri amatsutsana ngati zimenezi ziyenera kuchedwa kumvetsa. Mu 1980 John Searle anapereka fanizo la munthu wotsekeredwa m'cipinda, wosadziwa Cichaina, amene akutsatira buku la malangizo pobweza mayankho a Cichaina olondola. A kunja angaganize kuti m'cipindamo muli wodziwa cinenerocо, pamene iye akungosuntha zizindikiro. Ena amamutsutsa Searle, ndipo mkangano umenewu udakalipo.

Koma pa vesi la akulu aja, cifukwa cake n'coonekeratu. Pulogalamu ija inagwira bwino maonekedwe a vesi: dzina la buku, nambala, ndi mau omveka ngati a m'Baibulo. Pamene inalibe vesi lenileni loika pamalopo, inapitiriza kulemba cimene cinali kuoneka coyenera. Kwa iyo, yankho loona ndi yankho longomveka ngati loona zimatuluka pa khomo limodzi, ndipo zonse zimabwera ndi mau odekha ofanana. Zimenezi zagwetsa ngakhale anthu ophunzira. Mu 2023, ku New York, maloya anapereka ku khoti zikalata zochula milandu yakale isanu ndi umodzi imene sinacitikepo. Anali ataitenga ku ChatGPT osaitsimikizira. Woweruza anawalipiritsa madola 5,000. Cilango cinagwera maloyawo, pakuti pulogalamu ilibe dzina loti liipe kapena nchito yoti iithere.

Kwa ife olankhula Cinyanja pali vuto linanso. Zolembedwa za pa intaneti zambiri zili m'Cingerezi, ndipo za m'cinenero cathu n'zocepa. Google Translate inayamba kumasulira Cicewa mu 2014, koma aliyense amene anaiyesapo akudziwa kuti kumasulira kwa makina kumapunthwa pa miyambi ndi pa mau aulemu. Ine ndinayesa kupempha pulogalamu ina kuti indipatse miyambi yokamba za kusunga cuma. Pakati pa miyambi yeniyeni inaikapo umodzi umene sindinaumvepo, ndipo nditafunsa acikulire awiri a kwathu, onse anaseka n'kunena kuti mwambi umenewo ulibe mwini.

Cifukwa cake timakopeka msanga

Mbali ina ya vutoli ili mwa ife. Kuciyambi kwa zaka za m'ma 1900, ku Berlin kunali kavalo wochuka dzina lake Hans. Mwini wake, Wilhelm von Osten, anali kumufunsa masamu, ndipo kavaloyo anali kuyankha pogunda ciboda pansi mpaka afike pa nambala yoyenera. Khamu la anthu linali kudabwa. Oskar Pfungst atafufuza, m'lipoti lake la mu 1907 anaonetsa kuti kavaloyo anali kuyang'ana nkhope ndi thupi la wofunsa. Akafika pa nambala yolondola, wofunsayo anali kusintha kaimidwe pang'ono mosadziwa, ndipo kavalo anali kusiya kugunda. Wofunsa akakhala kuti sakudziwa yankho, kapena kavalo akakhala kuti sakumuona, Hans anali kuphonya. Kavaloyo anali wocenjera ndithu, koma luso lake silinali la masamu.

Mu 1966, Joseph Weizenbaum wa pa MIT ku America anapanga pulogalamu yaing'ono yochedwa ELIZA. Inali kungotenga mau a munthu n'kuwabweza ngati funso. Munthu akati ali ndi cisoni, iyo inali kufunsa cifukwa cake ali ndi cisoni. Weizenbaum anasimba kuti mlembi wa mu ofesi yake, amene anali kudziwa bwino kuti ndi makina, ataceza nayo pang'ono anamupempha kuti atuluke m'cipindamo kuti alankhule nayo payekha. Zimenezi zinamudetsa nkhawa Weizenbaum moyo wake wonse.

Ife anthu tinazolowera kuti kumene kuli mau kuli munthu. Cinthu cikatiyankha mwaulemu, osatopa, osatidula mau, ngakhale pakati pa usiku, mtima umafulumira kuciyesa bwenzi. Mapulogalamu a lero ndi amphamvu kutalitali kuposa ELIZA, conco kukopeka kwake n'kwakukulu. Wacinyamata amene ali ndi nkhawa angaone capafupi kuuza foni zakukhosi kusiyana ndi kupita kwa amalume ake kapena kwa abusa. Foni idzamuyankha mau otonthoza. Koma mawa siidzagogoda pakhomo kudzaona ngati wadya.

Zimene Malemba amasiyanitsa

Baibulo nalo siligwiritsa mau a nzeru m'njira imodzi. M'Cipangano Cakale, mau a Ciheberi amene kawirikawiri amamasuliridwa kuti nzeru ndi hokma. Pa Eksodo 31 mau amenewa akunenedwa za Bezaleli, mmisiri wa golidi, siliva, miyala ndi matabwa amene anamanga cihema. Apa nzeru ndi luso la manja ndi la mutu, ndipo likuonetsedwa ngati mphatso ya Mulungu. Tsono Mkristu alibe cifukwa coopera luso kapena zipangizo zimene luso limabala. Khasu, njinga, wailesi ndi kompyuta zonse zacokera m'mphatso imeneyo.

Koma Malemba amadziwanso kucenjera kopanda kukhulupirika. Njoka ya pa Genesis 3 ikufotokozedwa kuti inali yocenjera kuposa zamoyo zina za m'thengo. Pa 2 Samueli 13 tikukumana ndi Yonadabu, munthu wa mutu wakuthwa, amene anapangira Amnoni njira yocitira coipa mlongo wake Tamara. Uphungu wake unagwira nchito monga anakonzera, ndipo unagwetsa nyumba ya Davide m'maliro. Kalata ya Yakobo, caputala 3, imasiyanitsanso mitundu iwiri ya nzeru, ndipo imati yeniyeniyo imadziwika ndi makhalidwe a munthu, monga mtendere, cifundo ndi kusakondera.

Nkhani imene imandikhudza kwambiri ndi ya Solomo pa 1 Mafumu 3. Atapatsidwa mwai wopempha ciliconse, cimene anapempha, tikatsata mau a Ciheberi, ndi mtima womva. Akulu a ku Katete akanamumvetsa msanga, pakuti n'kumvera komwe kuja kumene iwo anali kuyang'ana mwa mwana. Ndipo taonani mlandu woyamba umene unayesa nzeru imeneyo. Akazi awiri anali kulimbirana khanda limodzi, popanda mboni, popanda colembedwa. Mau a onse awiri anali ofanana, motero wongosanthula mau sakanapeza pogwira. Solomo anadziwa mtima wa nakubala, kuti angalole kutaya mlandu kusiyana ndi kutaya mwana. Anadziwanso kuti ciweruzo cake cidzakhala pa mutu pake pamaso pa Mulungu ndi pamaso pa anthu.

Apa ndi pamene pali kusiyana kumene ndikufuna kuti tikugwire. Munthu wanzeru ali ndi thupi limene limamva njala ndi ululu, ali ndi abale amene adzakumana nao mawa, ali ndi cikumbumtima, ndipo amayankha mlandu pa zimene wanena. Akakupatsani uphungu woipa, dzina lake limaipa, tulo timamusowa, ndipo angabwere kudzapepesa. Pulogalamu nayo imalemba kuti "pepani" mukaiuza kuti yalakwa, koma palibe cimene yataya. Ingakhale yocenjera kuposa tonsefe pa zinthu zambiri, koma udindo wa zimene yanena umatsalira munthu amene wazitenga n'kuzigwiritsa nchito. N'cifukwa cake ulemu wa munthu sucokera pa liwiro la mutu wake. Tikanati ucokere pamenepo, ndiye kuti agogo amene ayamba kuiwala, kapena mwana amene amavutika m'kalasi, akanakhala otsika kuposa foni. Genesis 1 amaika ulemu wa munthu pa kulengedwa m'cifaniziro ca Mulungu, ndipo umenewo suyezedwa ndi mayeso a IQ.

Tizicita nazo bwanji?

Kuzikana zipangizo zimenezi sikungatithandize, ndipo zina zikupulumutsa miyoyo. Mu 2021 bungwe la World Health Organization linavomereza kuti makompyuta azigwiritsidwa nchito pounika zithunzi za X-ray za m'cifuwa pofufuza TB mwa anthu a zaka 15 kupita m'tsogolo. Kumalo kumene madokotala odziwa kuwerenga zithunzizo ndi ocepa, limeneli ndi thandizo lalikulu. Koma onani dongosolo lake: kompyuta imangosonyeza amene ayenera kupimidwa, kenako makhololo amayezedwa, ndipo wa zaumoyo ndiye amagamula za mankhwala. Makina amacita mbali yao, munthu amasenza udindo. Dongosolo lomweli ndi loyenera m'nyumba zathu ndi mu mpingo.

Coyamba, cimene pulogalamu yakuuzani citsimikizireni pamalo pamene cinacokera. Ngati ndi vesi, tsegulani Baibulo ndi kuwerenga caputala conse. Ngati ndi za malamulo a malo kapena cuma ca masiye, funsani odziwa malamulo. Ngati ndi muyezo wa mankhwala a mwana, pitani ku cipatala kapena kwa wogulitsa mankhwala wovomerezeka. Paja safunsa anadya phula, ndipo kufunsa foni yokha sikunakwane.

Caciwiri, kwa alaliki ndi aphunzitsi a Sande sukulu: pulogalamu ingakuthandizeni kupeza mbiri ya mzinda wa Korinto kapena kukonza Cingerezi ca kalata. Koma siikudziwa kuti m'mpingo mwanu muli banja limene laika maliro sabata ino, kapena kuti cimanga capserera m'minda. Ulaliki umene simunalimbane nao inu eni, m'pemphero ndi m'kuwerenga, udzamveka bwino m'makutu koma udzakhala wa mlendo. Ndipo kuima pa guwa ndi mau amene simunawatsimikizire n'kuika dzina lanu pa cinthu cimene simukucidziwa.

Cacitatu, kwa makolo: mwana akagwiritsa nchito pulogalamu polemba homuweki, mufunseni kuti akufotokozereni yankholo ndi pakamwa pake, foni ili patali. Akatha, ndiye kuti yamuthandiza kuphunzira. Akalephera, ndiye kuti yamulembera cabe, ndipo m'cipinda ca mayeso a Giredi 12 adzalowa yekha.

Cacinai, samalani zinsinsi. Nambala yacinsinsi ya ndalama za pa foni, nambala ya citupa, ndi nkhani za anthu amene anabwera kwa inu kudzapempha uphungu zisalembedwe m'mapulogalamu amenewa, cifukwa zimene mwalemba zimapita ku makompyuta a kampani. Dziwaninso kuti makina tsopano amatha kutsanzira mau ndi nkhope ya munthu. Mukalandira uthenga womveka ngati wa mwana wanu kapena wa abusa, wopempha ndalama mwamsanga, dulani n'kumuimbira pa nambala imene mukuidziwa musanatumize ngwee iliyonse.

Akulu aja anaphunzitsa phunziro lao Lacitatu lija ndi mavesi anai olondolawo, ataawerenga okha m'Baibulo lao la cikuto cong'ambika. Kumapeto anatulutsa foni, anawerengera gulu vesi lacisanu, n'kupempha acinyamata kuti alipeze. Anatsegula, anafufuza, anayang'anana, ndipo wina anati, "Agogo, mulibe." Akuluwo anayankha kuti, "Eya, mulibe. Tsono mukadzamva ine ndikulalikira, muzitsegulanso."

Ambuye akudalitseni nonse.